Magazi Akana Kukwera

"Ndiye utiuze kumene magaziwo akupita," anatero Achemwali. "Munthu akubayidwa sabata ndi sabata, koma m'manja mwayera ngati wagwira ufa. Akudontha penapake? Tionetse pobowokapo titseke."

Telala sanaimitse makina ake osokera. Anapalasa mpaka msoko unafika kumapeto, nadula ulusi ndi mano. Achemwali anali mlongo wamkulu wa mwamuna wake. Aliyense ankawatchula choncho, ngakhale amuna awo omwe asanathawe.

"Ndinakufotokozerani kale, alamu," anayankha Telala. "Adokotala anati impso sizingosefa magazi ayi. Zimatumizanso uthenga ku mafupa kuti apange magazi atsopano. Impso zikasiya ntchito, mafupa amangokhala osamva kanthu. Makina a kuchipatala aja amasefa, koma uthenga satumiza. Jakisoni ndi amene amanyamula uthengawo."

"Chabwino, adokotala a malaya. Nanga uthengawo ukusochera pati? Wobweretsa jakisoni ndiwe, wobaya ndiwe. Ife timangoona madzi oyera m'jakisonimo. Madzi oyera ndili nawo ndowa yathunthu kunyumba."

Pampando wautali, mwamuna wa Telala, a Dalaivala, anali atafunda bulangete masana dzuwa likuswa mtengo. Chiwongolero anachisiya chaka chatha impso zitakana, koma dzina silinawasiye. Anatsegula pakamwa ngati alankhula, mpweya unawathera, anatsekanso.

"Ndipo foni ija," Achemwali anapitiriza, akuloza ndi milomo pa tebulo lodulira nsalu. "Inabwera mwezi womwewo magazi anayamba kutsika."

"Anandipatsa mlongo wanga. Ndi yakale, galasi lake ndi losweka."

"Mwezi womwewo."

"Mwezi womwewonso ndi umene munachotsa majakisoni mufiriji ya Aphunzitsi n'kukawaika kugolosale."

Achemwali anaseka, kuseka kopanda mano. Aphunzitsi anali bambo wamasiye wa nyumba yoyandikana nayo. Miyezi yoyamba kabokosi ka majakisoni kankakhala mufiriji yawo, pakati pa mkaka ndi tomato, ndipo magazi a a Dalaivala ankakwera bwinobwino. Koma Achemwali anati mankhwala a pabanja sagona kwa alendo, komanso anafunsa ngati kutsegula firiji kumatenga nthawi yonse imene Telala ankakhala m'nyumba muja. Anatenga kabokosiko okha kupita nako kwa mlongo wawo wina, a Golosale, amene anali ndi jenereta. Telala anawathamangira pakhomo n'kunena kuti, "Pozizira, koma asaume," iwo n'kuyankha osatembenuka kuti firiji anaidziwa iye asanamere mano.

"Amalume agamula," anatero Achemwali tsopano, akukoka thumba limene analisiya kuseri kwa chitseko. Munali mphasa yopinda ndi zovala. "Akamuyezanso magazi kumapeto kwa mwezi, akapezeka sanakwere, upita kwanu ukapume. Wodwala ndisamala ine. Kufikira tsikulo ndigona pabalaza pano, ndizithandiza ndi maso."

Telala anayang'ana mwamuna wake. A Dalaivala anali akuyang'ana denga ngati pali msewu.

Tsiku lobaya litafika, Telala anachita monga mwa masiku onse. Anaimbira foni a Golosale kuti akubwera, chifukwa iwo ankafuna kudziwitsidwa nthawi ikadalipo. Anakapeza jakisoni ali m'thumba la malaya awo, atakulungidwa m'kampango.

"Ndamufunditsa pang'ono, alamu anga, kuti asamulume m'bale wanga," anatero a Golosale, bambo wonenepa wokonda nthabwala. "Inunso muzibaya mwachikondi. Munthu si thalauza."

Kunyumba Telala anasamba m'manja, napukuta pamimba pa mwamuna wake ndi thonje la sipiriti, natsina kakhungu. Chiyambireni, a Dalaivala ankatembenukira kukhoma ikafika nthawi imeneyi. Munthu amene ankalowetsedwa masingano awiri akuluakulu pamkono kuchipatala ankaopa kasingano kakang'ono ngati tsitsi. Tsiku limeneli sanatembenuke.

"Tandionetsa kaye," anatero motsitsa mawu.

Telala anakweza jakisoni kuwindo. A Dalaivala anamuyang'ana nthawi yaitali, Achemwali akusuzumira paphewa. Munalibe choona. Madzi oyera amaoneka ngati madzi oyera. Telala anabaya, ndipo atatuluka kukataya singano m'chitini chake anakhala kuseri kwa nyumba kufikira mpunga unapserera.

Kuchipatala, chipinda chosefera magazi chinali ndi mipando yotsamira iwiri iwiri kuyang'anizana, makina akung'ung'udza pambali pa mpando uliwonse. Odwala ankadziwana ngati anthu okwera basi imodzi. A Dalaivala atalumikizidwa, timapaipi titafiira, Sisitala wa magalasi anakodola Telala kuti abwere pafupi ndi sinki.

"Mayi, bambowa akutisokoneza mutu. Ayironi wothandiza kupanga magazi tikuwapatsa kudzera m'makina, ndi wokwanira. Sakutaya magazi kulikonse, alibe malungo, alibe chilonda. Tinawonjezera mlingo wa jakisoni, koma magazi achoka pa teni kufika pa seveni. Akatsikanso tiwathira magazi a munthu wina, ndipo zimenezo adokotala sazifuna kwa munthu amene mwina tsiku lina adzalandira impso. Ndiye ndikufunseni, musakwiye."

"Funsani. Ndazolowera."

"Majakisoniwa akulowadi m'thupi? Pali ena amawagulitsa. Sindikunena inu. Koma amene ndinawagwira nawonso ankaoneka ngati inu, aulemu, ovala bwino."

"Ndimabaya ndekha."

"Firiji yanu imayaka usana ndi usiku? Akatenthedwa, basi, afa."

"Ili kwa alamu anga, kugolosale. Ali ndi jenereta."

"Kugolosale," anatero Sisitala, akuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kumene amagulitsa zinthu."

Anamupatsa kabokosi katsopano ka mwezi umenewo m'kachikwama kozizira. M'basi pobwerera, a Dalaivala akusinza ndipo Achemwali akukangana ndi kondakitala, Telala anasolola singano pa kolala ya bulauzi yake. Anatsegula kabokosi pamiyendo, nakanda kamtanda kakang'ono kunsi kwa chokankhira cha jakisoni aliyense. Ngati a Golosale ankasinthanitsa, kamtanda kakanawagwira. Anachita manyazi pang'ono, pokumbukira kuti bambo yemweyo ndi amene ankawatumizira sopo ndi shuga osafunsidwa. Koma manyaziwo anatha basi isanafike pa siteji. Kukayikira n'kopatsirana, ndipo iye anali atagona nako nyumba imodzi sabata yathunthu.

Jakisoni wotsatira anatuluka m'thumba la a Golosale ali ndi kamtanda. Chivindikiro chinali chosatsegula. Wotsatiranso chimodzimodzi.

Ndiye anaganiza za firiji. Mwina bamboyo ankaizimitsa kuti asunge mafuta a jenereta. Telala anayamba kudutsa pagolosale nthawi zosayembekezeka, m'mamawa, masana, magetsi atazima, n'kugula chakumwa chimene sankachifuna. Botolo lililonse linali lozizira mpaka kuwawitsa mano.

"Alamu, ludzu limeneli ndi la bwanji?" anafunsa a Golosale. "Kapena tiyembekezere mlendo?"

"Mlendo tili naye kale, wagona pabalaza."

A Golosale anaseka mpaka kugwira kauntala. Telala anaseka nawo, maso ake ali pa firiji ya chitseko cha galasi imene inali kuseri kwawo. Mabotolo anali ndandanda kutsogolo, kumbuyo sikunkaoneka. Kuseri kwa kauntala sankaloledwa kulowako. Achemwali anali atanena kuti ndi lamulo la bizinesi.

Panatsala a Dalaivala. Tsiku lina Achemwali atapita kukasamba, Telala anakhala pansi pafupi ndi mpando wautali.

"Bambo, pali chimene mukumwa chimene ine sindikuchidziwa? Mizu, makungwa, chilichonse chimene akukupatsani ine ndikatuluka?"

"Ukundiyesa mwana?"

"Ndikungofunsa."

"Nanenso ndingofunsa," anatero a Dalaivala. Anapuma kaye, chifukwa masiku amenewo chiganizo chachitali chinali ngati chitunda. "Watopa nane? Ukanena sindikwiya. Mkazi wa msinkhu wako, mwamuna wake bulangete."

"Ndi mawu anu amenewo kapena mwabwereka?"

Kubafa madzi anali atasiya kumveka kalekale, koma Achemwali sanatuluke.

Kumapeto kwa mwezi kunayandikira. Telala anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati, naipukuta fumbi, naiika pakona osaikamo kanthu. Achemwali anaiona, tsiku limenelo anadya bwino.

Panali chinthu chimodzi chimene chinkamuvutitsa Telala. Kapepala komata pa jakisoni kankachoka kuchipatala kosalala, koma kakamatuluka m'thumba la a Golosale kankakhala kokwinyika, ngati nsalu imene yanyowa n'kuuma yosasita. Pa jakisoni wa sabata imeneyo panalinso kadontho kofiirira m'mphepete mwa kapepalako. Anakanunkhiza. Kankamveka fungo la magazi, koma osati a munthu wamoyo. Tsiku lonse anaganiza zinthu zimene sakanazinena kutchalitchi. Anakumbukira kuti golosale ya alamu ake inakula msanga, anakumbukira zimene anthu amanena za magolosale okula msanga, ndipo anadzida chifukwa chokumbukira.

Loweruka a Golosale anatumiza nkhuku kuti mlongo wawo asaonde ku ntchito yolondera. Inabwera youma gwa ngati mwala. Telala anaiika m'beseni kuti isungunuke, napita kukamaliza diresi la kasitomala. Atabwerera anapeza m'beseni muli timadzi tofiirira, ndipo kapepala ka pa pulasitiki ya nkhukuyo katakwinyika.

Anaima pamenepo, mpeni uli m'manja. Kenaka anapukuta manja, nalowa m'nyumba.

"Alamu, tiyeni kugolosale."

"Lero si tsiku lobaya."

"N'chifukwa chake. Munati muzithandiza ndi maso. Tengani masowo tizipita. Bambo, inunso dzukani, tiyenda pang'onopang'ono."

Sanaimbe foni. Anayenda ngati anthu operekeza maliro, a Dalaivala akuima pa mtengo uliwonse wa magetsi. Pagolosale anapeza anthu angapo akugula, ndipo Telala anadikira kuti achoke.

"Alamu," anatero kwa Achemwali, "popeza manja anga ndi okayikitsa, lowani inu mutsegule firiji ija muwerenge majakisoni atsala."

Achemwali anazengereza pang'ono, koma analowa. Anatsegula chitseko cha galasi, nasuntha mabotolo, nasuzumira shelefu ndi shelefu. A Dalaivala, atakhala pa kireti, anatembenukira kwa mkulu wawo.

"Achimwene, ali kuti?"

Nkhope ya a Golosale inasintha. "Iwe, ukundiyang'ana choncho ine? Ine ndingaike mankhwala ako m'firiji ya zakumwa, imene aliyense amatsegula, ana, oledzera, anyamata a ntchito? Ndinawapatsa malo aulemu."

Anasolola makiyi m'lamba. Pakona panali chifiriji chachikulu choyera, chotsegulira pamwamba ngati bokosi, chili ndi loko. Anachitsegula, utsi wozizira unatuluka. Anachotsa nkhuku imodzi, yachiwiri, yachitatu, mapaketi a nyama, mpaka mkono wonse unalowa. Anatulutsa kabokosi kokulungidwa m'thaulo, thaulolo litauma ngati chikumba.

"Awa. Palibe ndi mmodzi yemwe wasowa. Pansi penipeni, pozizira kuposa pena paliponse m'tauni muno. Magetsi atazima masiku awiri, pano sipasungunuka. Mukaimba foni ndimatulutsa mmodzi, ndimamuika pamtima panga mpaka asanduke madzi. Ndiye wina andiyang'ane ngati wakuba?"

Telala anatenga jakisoni mmodzi, namutembenuza. Madzi a m'kati sanayende. Kamtanda kake kanali pomwepo.

"Anakuuzani ndani kuti muike muno, alamu?"

"Achemwali anati pamalo okiya. Firiji ya loko ndi imeneyi basi."

"Okiya chifukwa cha ndani?"

A Golosale anayang'ana Achemwali. Achemwali anayang'ana nkhuku.

Telala anatulutsa foni yake ya galasi losweka, naimbira Sisitala, nakweza mawu kuti onse amve.

"Sisitala, ndine mkazi wa a Dalaivala. Ndifunse, jakisoni uja akauma kukhala ayisi, kenaka n'kusungunuka, amagwirabe ntchito?"

"Wauma? Ndani wachita zimenezo? Mankhwala amenewo akauma awonongeka, mayi, musabayenso. Akhoza kuoneka bwinobwino, koma kudalira amenewo n'chimodzimodzi kubaya madzi. Ndi angati?"

"Onse. Kuyambira mwezi umene magazi anayamba kutsika."

Pa foni pankamveka makina akulira kutali. "Bweretsani kabokosiko Lolemba momwe kalili. Ndipo amene anawaumitsayo abwere adzafotokoze yekha kwa adokotala, chifukwa ine ndinali nditalemba kale kuti ndikukayikira inu. Atsopano sapereka mwachisawawa."

Telala anadula foni. "Munanena zoona, alamu," anatero mofatsa. "Ndakhala ndikuwabaya madzi."

A Golosale anakhala pansi pa thumba la shuga, thaulo louma lija likusungunukira pa thalauza lawo. Ankangoti, "Pamtima panga, ine, pamtima panga."

Achemwali anali oyamba kupeza mawu. Sankasowa mawu nthawi yaitali.

"Ukanatiuza bwinobwino. Munthu ungonena uli pakhomo, anthu akuyenda, ukuyembekeza kuti amva? Komabe zachitika. Nkhaniyi ithere muno. Mlongo wangayu ndi munthu wa bizinesi, anthu akamva adzati anafuna kupha m'bale wake. Kwa amalume tikanena kuti chipatala chinapereka mankhwala otha mphamvu. Kwa adokotala ukanena kuti unalakwitsa iweyo, ndi anthu ophunzira, akhululuka. Ukatero, za kupita kwanu zija ndikakupepesera ndekha kwa amalume."

"Mukandipepesera."

"Ndi mtima wonse."

"Akawayeza sabata ya mawa magazi adzakhala asanakwere," anatero Telala. "Jakisoni wabwino amatenga masabata kuti aoneke ntchito yake. Ndiye amalume adzamva ziti? Kuti chipatala chinalakwa, kapena kuti ine ndinavomera ndekha kwa adokotala?"

"Zimenezo tidzaona."

Telala anayang'ana mwamuna wake, monga anamuyang'anira tsiku limene mphasa inalowa m'nyumba. M'golosale munalibe denga loti n'kuliyang'ana, munali malata ndi matumba a mchere olendewera.

A Dalaivala anagwira kauntala, nadzuka. Zinatenga nthawi. Anatambasula dzanja kwa mkulu wawo.

"Kabokosiko."

Anakalandira, nakaika m'manja mwa Achemwali. Kanali kozizira moti Achemwali anafuna kukasiya, koma a Dalaivala anagwira manja awo pamwamba pake.

"Lolemba mukwera nafe basi," anatero, akupuma pakati pa mawu. "Mukanena kwa adokotala. Za loko. Lamulungu mukanena kwa amalume. Mukakana, ndikanena ine. Ndidzatenga tsiku lonse, koma ndidzamaliza."

"Iwe, ndinakubereka kumsana ine."

"Ndikudziwa. Munditsitse."

Lolemba Achemwali analowa m'chipinda cha adokotala atavala ngati akupita ku ukwati, natuluka atachepa. Zimene ananena kwa amalume Telala sanazimve, koma amalume anatumiza uthenga woti nkhani ija inali yongocheza. Palibe amene anapepesa. A Golosale anatumiza nkhuku ina, Telala anaibweza. Anatumiza sopo, analandira. Mphasa inachoka pabalaza Lachitatu, Achemwali akunena kuti nsana wawo sugwirizana ndi simenti ya nyumba imeneyi.

Magazi anapezeka atatsikanso pang'ono, ndipo adokotala anati adikira kaye asanaganize zowathira ena. Kabokosi katsopano a Dalaivala anakanyamula okha kupita nako kwa Aphunzitsi, masana, anthu akuona. Anapuma kawiri pa mtunda umene mwana amadumpha ndi mwendo umodzi. Aphunzitsi anasuntha tomato, nakaika pa shelefu ya pakati.

Tsiku lobaya, Telala anasamba m'manja, natenga thonje. A Dalaivala anakweza malaya, natembenukira kukhoma monga kale.

"Baya, mkazi wanga. Sindiyang'ana."

Telala anayang'ana khosi lawo loonda, ndi sutikesi imene inali ikadali pakona, yopanda kanthu, yopanda fumbi. Anazungulira mpando, naima pakati pa mwamuna wake ndi khoma, nakweza jakisoni kuwindo.

"Onani kaye," anatero.

"Ndati sindikufuna."

"Ndamva. Onani kaye."

A Dalaivala anayang'ana. Anali madzi oyera. Telala anadikira mpaka iwo anagwedeza mutu, ndipo pamenepo anatsina kakhungu.